Mwini Jezi ya Nambala Naini

1

Mbale zinabwerera zosatsegula. Inu akuno kwathu mukudziwa kuti mwamuna akafuna mkazi amatuma nkhoswe ndi mbale ziwiri zovundikirana, ndipo makolo a mkazi akazivundukula ndiye kuti nkhani yalowa m'nyumba. Atate anga sanazikhudze ngakhale ndi chala.

Ndine Fridah. Ndimaphunzitsa giredi faivi pasukulu ina kufupi ndi boma la Luangwa, kumene akuluakulu amakutchulabe kuti Feira. Ukwati woyamba unandikanika, mwana ndinalibe, ndipo ndine wamtima wapachala. Ndakambiratu kuti musadabwe nane kutsogoloku.

Amene anatuma mbalezo anali Ricardo wa ku Zumbo, tsidya lija la Mozambiki. Ankagula nsomba za pende ndi mcheni kwa asodzi akwawo n'kuwolotsa pa boti kudzagulitsa kwa azimayi amalonda a ku Lusaka. Ndinamuposa zaka, ndipo anzanga kusukulu ankandiseka kuti ndatola mwana wa giredi seveni, koma ine ndinalibe nazo ntchito. Munthu uja ankandiseketsa mpaka nthiti kuwawa, sankamwa, sankakweza dzanja. Ndinamukonda, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti chaka chisanathe ndikhala mkazi wake.

Tsikulo ndinali kukhichini ndi amayi, khutu lili pakhomo. Nkhoswe inakamba mawu ake onse aulemu, n'kukankhira mbale patsogolo pa atate.

"Mnyamatayu ndi mwana wa ndani?" anafunsa atate.

"Wa a Bonifasio, a ku Zumbo."

"Bonifasio uti? Uja anathawirako kuno nthawi ya nkhondo?"

"Omwewo, aphunzitsi. Kansi mumawadziwa?"

Amayi anga, a Emeldah, anali kudula anyezi. Mpeni unagwa pansi ndipo sanautole.

"Nyamulani mbale zanu," anatero atate. "Pano palibe mkazi."

"Ngati talakwitsa mwambo, aphunzitsi, tiuzeni tikonze."

"Simunalakwitse. Muyende bwino."

Ndinatuluka kukhichini ndili moto, koma amayi anandigwira chitenje. Dzanja lawo linali lozizira ngati achokera kumtsinje.

2

Kuti mumvetse chifukwa chake nkhoswe sinayerekeze kutsutsa, dziwani kuti atate anga, a Lawrence, si munthu wamba ku Feira.

Kale kuno kunali kakoleji ka aphunzitsi, kanatsekedwa ine ndili wamng'ono. Mu 1988 timu yake ya mpira, imene ankaitcha Amcheni, inatenga chikho cha makoleji. Chaka chimenecho nkhondo ya ku Mozambiki inali itafika pamtsinje, ndipo matimu a kutauni anakana kubwera kuno, ati sitifuna kufera mpira. Ndiye Amcheni anasewera masewero onse koyenda. Ankakwera lole yopanda denga, kudya fumbi mpaka ku Luangwa Bridge, kuima pang'ono kugula nsomba zokazinga, kenako ulendo wa ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Kabwe. Anthu a Feira sanaonepo chigoli ngakhale chimodzi ndi maso awo. Nkhani ankazimva kwa dalaivala wa lole, ndipo fainolo anaimvera pa wailesi, boma lonse litaunjikana pakhonde la sitolo imodzi.

Masewero awiri oyamba Amcheni anakwapulidwa ngati ana. Pa achitatu mpamene panatulukira nambala naini, Lawrence wa mwendo wamanzere, ndipo kuyambira pamenepo sanagonjenso. Ati ku Chipata anagoletsa kuchokera pakona, mpira kukhota wokha n'kulowa. Ati ku Lusaka anamuikira anthu awiri omulonda, iye n'kuwagundanitsa mitu. Pa fainolo ku Kabwe anapita kokapuma atagoletsedwa chimodzi, ndiye pobwerera Lawrence anamwetsa ziwiri, chachiwiricho refa ali kale ndi wezulo pakamwa. Ati kuno anthu anavina mpaka mwini wailesi anaiwala kuti ndi yake.

Zonsezi ndinazimva kwa anthu, pamsika, m'basi, kutchalitchi. Kwa atate sindinazimvepo. Ukawafunsa ankangoti, "Bondo linathera pa fainolo," n'kusintha nkhani. Mpira ukagubuduka n'kufika pamapazi awo, ankawerama, kuutola ndi manja, n'kuubweza ngati akupereka dzira. Anthu ankati ndiko kudzichepetsa, ine n'kumanyadira kuti ndine mwana wa nambala naini.

Chaka chimene mbale zinabwezedwacho, ophunzira akale a koleji anagwirizana pafoni kuti mu Okutobala asonkhanitse Amcheni amene akali moyo, abwere ndi chikho ku Feira. Anyamata aja atamaliza maphunziro anamwazikana dziko lonse ndipo palibe anabwererako kuno. Atate atamva za mwambowo anayamba kuonda.

3

Ndinawatsata amayi kumunda kwawo ku Mphuka, kumene ankakolola mapira. Ngakhale moni sindinapereke.

"Ndiuzeni vuto. N'chifukwa choti ndi mwana wa refuji wothawa nkhondo? Theka la anthu a m'tchalitchi mwathu agogo awo anachokera tsidya lomwelo. Nanga Chikunda chimene mumakamba inucho chinachokera ku Kitwe?"

"Fridah, usiye mwamuna uja. Ndakugwira mwendo."

"Chifukwa?"

"Chifukwa chilipo."

"Chitchuleni ndimve."

Anapitiriza kudula ngala za mapira, koma zambiri zinkagwera kunja kwa dengu. Kenako anaima n'kundiyang'ana.

"Mwafika naye pati munthuyu?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndiwe wamkulu, wamva."

"Palibe chachitika. Ndinamuuza kuti adikire ukwati. Za amuna ndinaziona kale ine."

Zinali zoona panthawiyo. Amayi anatulutsa mpweya wautali, anakhala pansi pamapesi, n'kuyamba kuthokoza Mulungu monong'ona. Ine ndinaima n'kumawayang'ana, ndipo mutu wanga woipawu unayamba kugwira ntchito. Ndinati ohoo, kansi mantha anu ali pamenepa! Ndinazisunga mumtima.

Atate ndinawapeza kunyumba akupopa njinga.

"Atate, Ricardo mwamudziwa liti kuti mumukane?"

"Mnyamatayo alibe mlandu."

"Nanga mlandu ali nawo ndani?"

Anachotsa pampu, kuimangirira pamalo pake bwinobwino, kukwera njinga n'kumapita, ine ndikali chiimire. Awe, zinandinyansa. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudya kwawo. Nyengo yozizira yonse inadutsa tikupatsana moni kutchalitchi chabe, ngati anthu a mipingo yosiyana.

Ricardo ankandinyengerera. "Akuluakulu amafewa, Fridah. Tidikire. Nanga ndikuthawira kuti? Boti yanga ngakhale mafuta okafika patali ilibe."

"Iwe dikira," ndinamuyankha. "Ine ndinadikira kale zokwanira."

4

Mwambo wa chikho utayandikira ndinapanga pulani. Ndinati atate ali pakati pa anzawo akale, chikho chili m'manja, anthu akuimba dzina lawo, sangakane dzanja la munthu wamkulu mnzawo. Chofunika chinali chakuti atate ake a Ricardo awoloke.

"Sangabwere," anatero Ricardo. "Chibadwire changa baba sanapondepo ku Feira. Ngakhale atadwala amakana kuchipatala cha kuno."

"Ndiperekeze, ndikakambe nawo ndekha."

Tinawoloka m'mawa, dzuwa lisanayambe ukali. A Bonifasio tinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukonza injini ya boti, munthu wamtali, wowonda, tsitsi lonse mbuu. Ndinagwada n'kuwomba m'manja. Sanayankhe moni. Anandiyang'ana nkhope mpaka ndinachita manyazi, ine amene sindichita manyazi wamba.

"Ndiwe mwana wa Emeldah, uja ankagulitsa nsomba pa Bridge?"

"Inde. Kansi mumawadziwa?"

"Aliyense wodutsa pa Bridge ankamudziwa." Anapukuta manja pansanza. "Ndiwe wachingati?"

"Woyamba."

"Unabadwa liti, mwanangu?"

"Mu 1989, nthawi ya masau."

Sipanala imene inali m'manja mwawo anaiika pansi pang'onopang'ono. Kenako anatembenukira kwa Ricardo.

"Iwe unandiuza kuti ndi mwana wa mphunzitsi Lawrence. Sunandiuze kuti ndi woyamba."

"Nanga zili ndi kanthu, baba?"

"Kapena zilibe."

Ndinafotokoza pulani yanga, kukometsera apa ndi apo monga ife aphunzitsi timachitira. Anandidula pakamwa.

"Amcheni akubwera? Whiteson akali moyo?"

Ndinadabwa kuti munthu wa ku Zumbo akudziwa dzina la kaputeni wa timu ya atate, koma ndinati ndi wailesi ija, mawu ake ankawoloka mtsinje.

"Ndibwera," anatero. "Nanenso ndili ndi funso langa kwa amayi ako."

Pobwerera Ricardo sanaseke ngakhale kamodzi. Tili pakati pa madzi anati, "Baba sindinawaonepo akuchita mantha. Lero ndawaona."

Ndinamuuza kuti asiye zachibwana, zonse ziyenda. Ndinali ndi chida china chimene ndinali ndisanamuuze ngakhale iyeyo.

5

Tsiku la mwambo kunatentha moti ngakhale mbuzi zinabisala. Atate anati mutu ukuwawa, koma okonza mwambo anatuma galimoto n'kuwanyamula, amayi ali pambali pawo ngati akupita kumaliro.

Pabwalo la mpira anthu anali atadzaza. Amcheni otsala anaima pamzere, nkhalamba zochepa zovala majezi atsopano obiriwira, mimba zili patsogolo. A Whiteson, amene anali kaputeni komanso golikipa, ndiwo ananyamula chikho, ndipo zinkaoneka kuti alawako kale kena kake. Atate atafika anavekedwa jezi ya nambala naini, khamu n'kukuwa. Koma anzawo aja anawapatsa moni wa dzanja chabe, ngati wopatsa mlendo.

"Orijino!" anatero a Whiteson. "Ukali moyo, Orijino?"

Ndinaganiza kuti ndi dzina lowatamandira.

Mwambo uli mkati ndinaona Ricardo akubwera m'mbali mwa bwalo ndi atate ake. Ndinawathamangira kuti ndiwatsogolere kwa atate anga, mtima uli m'mwamba. Sitinafike. A Whiteson anali pamaikolofoni kufotokoza chigoli chachiwiri cha ku Kabwe, ndiye mawu anangoduka. Anatong'ola maso. Chikho anachiika pansi, pafumbi.

"Lawrence!" anakuwa, sipika n'kulira. "Amuna inu, Lawrence ali moyo! Si uyo Lawrence?"

Nkhalamba zonse zija zinathamanga, zina zikutsimphina, kuwadutsa atate anga ngati zikudutsa mtengo. Zinawakumbatira a Bonifasio, kulira, kuwagwira mwendo wamanzere, kuyesa kuwanyamula.

"Lawrence, tinamva kuti unafera kunkhondo!"

"Mwendo uja ukalipo, Lawrence?"

Atate anatsala okha pamzere, atavala nambala naini, manja ali kumbuyo.

Woyendetsa mwambo anaseka mwamanyazi n'kuti, "A Whiteson, mwasokoneza, a Lawrence ali apa." A Whiteson anatembenuka, anaona atate, anaona khamu, n'kugwira pakamwa. Mowa unawathera pomwepo. Amayi ndinawaona akuyesa kuchoka, koma anangokhala pansi pafumbi ndi chitenje chawo chatsopano.

6

Tinalowa m'kalasi ina pafupi ndi bwalo, ine, makolo anga, Ricardo ndi atate ake, ndi a Whiteson. Chitseko ndinatseka ndekha.

"Palibe atuluke muno. Ndatopa kukhala chitsiru. Lawrence ndani?"

A Whiteson ndiwo anayamba, maso ali pansi.

"Titaluza masewero awiri aja, kochi wathu, mzimu wake uuse mumtendere, anaona mnyamata wothawa nkhondo akusewera pamchenga kudoko, wopanda nsapato. Malamulo ankati wosewera aliyense akhale wophunzira wa koleji. Atate akowa anali m'timu dzina chabe, ntchito yawo inali kunyamula madzi. Ndiye kochi anatenga kadi lawo la sukulu, kumatula chithunzi, kumata cha uyu. Lamulo linali limodzi, womutchula dzina lake lenileni atsika lole. Tinamuitana Lawrence pakudya, paulendo, pabwalo, mpaka dzina lakelo tinaliiwala. Mwini dzina ankatsala kukoleji kuti pasakhale a Lawrence awiri, ndiye tinkamuti Orijino. Pobwera ndi chikho uyu anatsika lole isanalowe m'boma, ndipo amene tinamunyamula pamapewa ndi atate ako."

"Chabwino, munaba chikho," ndinatero. "Nanga ine ndi Ricardo tikulowamo bwanji? Mundikanize ukwati chifukwa cha mpira, shuwa?"

A Bonifasio anali kuyang'ana amayi.

"Emeldah," anatero, "nditatsika lole ija ndinawoloka kukatenga amayi anga. Ndinakuuza pa Bridge kuti ndibwera. Anthu a mfuti anandigwira panjira, ndinawanyamulira katundu m'tchire mpaka nkhondo itatha. Pobwera ndinamva kuti unakwatiwa ndi Lawrence. Ndinati wasankha mwini dzina, wa satifiketi, ndipo ndinalumbira kuti kuno sindidzapondanso. Manje ndikufunse. Unakwatiwa uli wekha kapena muli awiri?"

Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Mawu anatuluka m'kati mwa nsalu.

"Amalume atandipanikiza kuti nditchule mwini mimba, ndinatchula dzina limene ndinkadziwa. Lawrence wa kukoleji, nambala naini. Sunandiuzepo lina. Anandikoka dzanja mpaka ku ofesi ya mkulu wa koleji, ati tiitanireni Lawrence. Chitseko chitatseguka analowa munthu wamfupi amene ndinali ndisanamuonepo."

"Kochi anandigwira pakhonde ndisanalowe," anatero atate. "Anati ukakana afunsa kuti nanga Lawrence winayo ndani, chikho chipita, iwe ndi ine tichotsedwa. Ndinalowa ndi mantha a satifiketi yanga, sindinama. Koma ndinapeza mtsikana akunjenjemera, diso lili lotupa, amalume ake ataima kumbuyo kwake. Mkulu wa koleji anandifunsa kuti ndiwe? Ndinati ndine."

"Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana," anatero amayi. "Ndikanati si uyu, ndikanatchula ndani? Ndinakhala chete."

Ndinagwira desiki.

"Ndiye ine ndine mwana wa ndani?"

"Ndiwe wanga," anatero atate. "Ndinakubereka kumsana, ndinakuphunzitsa kuwerenga. Koma magazi ndi a uyu. Ricardo ndi mlongo wako."

Ricardo anatsamira bolodi, choko n'kumudetsa malaya.

7

Ndinawakalipira makolo anga mawu amene mwana sayenera kukamba, Mulungu andikhululukire.

"Zaka zonsezi! Mbale zitabwera munali ndi pakamwa. Kumunda ndinakufunsani, amayi, ndinati chitchuleni. Inu atate munakwera njinga. Munasankha chikho, munasankha kuti anthu azikuimbirani!"

"Tinkaopa kukutaya," anatero atate. "Tinati tikakana mwamphamvu mudzatopa n'kusiyana."

"Ine kutopa? Mwandilera nokha, simundidziwa?"

Amayi anakwawa kudzandigwira mapazi. "Takulakwira, mwanawanga, takulakwira kwambiri. Koma bola zadziwika zinthu zisanafike patali. Unandiuza wekha kumunda kuja kuti mukudikira. Mulungu watiteteza."

Apa, owerenga, mpamene ndiyenera kukamba changa.

Kuchokera tsiku la kumunda lija ndinasiya kumuuza Ricardo kuti adikire. Ndinachita dala. Ndinati kuno kwathu mimba ikaoneka palibe kholo limabwezanso mbale. Amakalipa, amalipiritsa dameji ya mimbayo, kenako akhala pansi n'kukamba za ukwati. Ndicho chida chimene ndinabwera nacho kubwalo, kuti atate akakana dzanja la a Bonifasio ndiwauze pamaso pa anzawo onse. Ndinkadziona wochenjera maningi.

"Amayi," ndinatero, "zinafika kale patali."

Anayang'ana nkhope yanga, kenako maso awo anatsikira pamene ndinali nditamanga chitenje mokweza. Kulira kumene analira sindinakumvepo ngakhale pamaliro. A Bonifasio anagwira mutu ndi manja awiri. Kunja anthu anali atayambanso kuimba nyimbo ya Amcheni, poti alendo anali atabwera kale ndipo mwambo sukanaima.

"Fridah, n'zoona?" anafunsa Ricardo.

Ndinavomera ndi mutu. Anatsegula chitseko chimene ndinatseka chija n'kutuluka.

8

Ndinadzamupeza kudoko patapita masiku, akukweza katundu wake m'boti. Malonda a nsomba anali atawasiyira mnzake, ankapita ku Tete, kutali kumunsi kwa mtsinje. Tinaima motalikirana ngati anthu osadziwana.

"Zofunika za mwana ndizitumiza," anatero.

"Nanga akadzafunsa za iwe?"

Anakoka chingwe cha injini, inakana, anakokanso. Italira anandiyang'ana kamodzi.

"Tsalani bwino, mana."

Kwawo mana ndi mlongo wamkulu. Chidziwirane chathu munthu uja anali asanandilankhulepo ndi ulemu wa inu, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama. Ndinalira padoko pomwepo, azimayi a nsomba akundiyang'ana, ndipo ndinalibe nazo ntchito.

Za mpira Feira yonse ikudziwa tsopano. Atate sayendanso pamsika, ndipo amene ankawaimbira ndi amene akuwaseka. Zinazo zinatsala m'kalasi muja, ngakhale anthu ali ndi maso ndipo amadziwa kuwerenga miyezi.

Sabata yatha atate anabwera kunyumba kwanga ndi nkhuku pa njinga. Anakhala pampando nthawi yaitali akupotokola chipewa.

"Mwanayo atenge dzina langa," anatero. "Akakula tidzamuuza kuti atate ake anamira mumtsinje. Ndinalerapo, ndidzaleranso. Palibe chifukwa chomusenzetsa zimene sanachite."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakalipire, kuti ndiwafunse ngati bodza limodzi silinawakwanire. Koma ndinapezeka ndikuganiza kuti nkhani ya kumira ija ndi yabwino, ndipo mwana angaikhulupirire. Pamenepo mpamene ndinawamvetsa amayi anga mu ofesi muja, ndipo ndinachita mantha.

Inu makolo amene mukuwerenga, ngati pali chimene munabisa ndipo mwana wanu akuyenda kulunjika komweko, musamukanize ndi mawu akuti chifukwa chilipo. Chitchuleni, ngakhale chikuchotsereni ulemu pamaso pake. Manyazi a atate anga akanatha ndi kulira kwa tsiku limodzi pabalaza, ine ndikanawakwiyira mwezi, ndipo Ricardo akanakhala mlongo wanga wondibweretsera pende pa Khirisimasi. Ndipo inu a mtima ngati wanga, amene mukamva ayi mumafunafuna pothyolera mpanda, mukaona amayi anu akuchita mantha musathamangire kuwapanikiza pomwepo. Ine ndinaona mantha awo bwinobwino, koma sindinadzifunse kuti akuopera ndani.

Kulangiza anthu n'kosavuta, ndaona. Pamene ndikukamba nanu pano mwanayu akugunda m'mimba, wamphamvu, ndipo anamwino akuti ali bwino. Tsiku lina adzabwera kuchokera kusukulu, adzaponya chikwama pansi, adzati amayi, anzanga akundifunsa kuti atate ako ndani. Ndimayesa yankho ndikamasesa, ndikamachapa, ndikamapita kuntchito, ndipo mpaka lero sindinalipeze. Chimene ndikuopa n'chakuti adzandiyang'ana, ndidzamuyang'ana, ndipo nanenso ndidzakhala chete.